Gawo 31: Xbox Yoyamba ndi Anthu Omwe Anaithyola Loko

Kaya muli mu taxi ku Johannesburg, kaya mwangoweruka shifiti ya usiku ku Leeds, kaya muli ku Harare kapena ku South Bend, takulandirani. Lero mlendo palibe, ndili ndekha. Koma patebulo panga pano pali chibokosi chakuda cholemera pafupifupi makilogalamu 4, chokhala ndi chilembo cha X pamwamba. Ndi Xbox yoyamba ija ya chaka cha 2001. Ndinaigula mwezi watha pa car boot sale kwa bambo wina amene amachepetsa katundu m'galaja mwake. Anandiuza mapaundi 15, ndinanenerera mpaka 12. Mmalawi sagula osanenerera, mukudziwa kale.

Nditafika nayo kunyumba sindinathamangire kuiyatsa. Ndinayamba ndaitsegula kaye, ndipo ndinapeza zomwe ndinkaopa: ka capacitor kena kakang'ono kanali katayamba kuchucha, madzi ake atayamba kudya motherboard. Nkhani imeneyo ndiibwerera kumapeto. Pano dziwani chabe kuti bokosili likugwira ntchito, ndipo mkati mwake muli magemu a makina ena omwe Microsoft sinawaganizireko n'komwe. Lero ndikufuna ndikufotokozereni mmene zinakhalira kuti makina omwe anatsekedwa mwamphamvu chonchi asanduke nkhokwe ya magemu akale.

Koma ndiyambe ndadziulula. Inu amene munabadwira kuno kunja mwina simukudziwa chomwe ife tinkachitcha TV game. Kwa asuweni anga ku Chilobwe kunali imodzi, ndi ma cartridge achikasu olembedwa kuti 9999999 in 1. Mukatsika pamndandanda uja mumapeza kuti magemu enieni ndi ochepa, amangobwerezabwereza ndi mayina osiyana. Super Mario Bros., Contra, Battle City, Duck Hunt, Circus Charlie. Lamulo linali limodzi: ukafa, upereke. Adaputala inkatentha ngati mbaula, ndipo amalume ankalumbira kuti chinthucho chiwononga TV. Ndinadzadziwa ndili ku yunivesite kuti chija sichinali Nintendo ayi. Chinali chokopera cha Famicom, makina omwe Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ndipo zokopera zoterezi zinkapangidwa zambirimbiri ku Taiwan ndi ku China. Ndiye mbiri yanga ya magemu inayambira pa zinthu za feki. Muzikumbukira zimenezi ndikamalankhula za malamulo, musanditenge ngati woweruza.

Tsono emulator ndi chiyani? Ndi pulogalamu yomwe imachititsa kompyuta ina kudziyerekeza ngati makina ena. Gemu ya 1985 inalembedwa kuti izilankhula ndi chip inayake. Chip imeneyo palibe, ndiye emulator imaima pakati ngati womasulira pamsonkhano: gemu ikalamula, iyo imamasulira lamulolo m'chilankhulo cha makina omwe alipowo. Pamakompyuta zimenezi zinafala kwambiri mu 1997. M'chaka chimenecho Nicola Salmoria wa ku Italy anatulutsa MAME, ya magemu a m'ma arcade, ndipo kunatulukanso NESticle, ya magemu a Nintendo. Vuto linali loti gemu ya pa TV imakoma pa TV, muli pampando, controller ili m'manja, mnzanu ali pambali. Anthu ankafuna bokosi loti aziika pansi pa TV.

Bokosi limenelo linabwera pa 15 Novembala 2001 ku America, pamtengo wa madola 299, ndipo ku Ulaya linafika mu Malichi 2002. Mukatsegula Xbox yoyamba, munthu wa ntchito ngati yanga amaseka, chifukwa mkatimo muli kompyuta wamba. Muli purosesa ya Intel ya mtundu wa Pentium III yothamanga 733 MHz, RAM ya 64 MB, chip ya zithunzi ya Nvidia, hard drive ya 8 GB, malo a DVD ndi polowetsa waya wa netiweki. Ngakhale polowetsa controller paja ndi USB, anangoisintha kaonekedwe. Microsoft inkagulitsa makinawa motsika kuposa ndalama zomwe inkawapangira, poyembekezera kuti phindu lidzachokera ku magemu. Taganizani tsopano: munthu akagula Xbox n'kuisandutsa kompyuta yotchipa osagula gemu ngakhale imodzi, kampani yaluza. N'chifukwa chake anaitseka.

Loko wake anali wotere. Pulogalamu iliyonse yofuna kuyenda pa Xbox inkafunika kukhala ndi siginecha ya Microsoft, ya masamu ovuta oti simungaibere. Ndipo malangizo oyamba omwe makinawa amawerenga mukangowayatsa anawabisa m'kati mwa chip ina ya Nvidia yotchedwa MCPX. Malangizowo anali ma byte 512 okha. Uthenga wautali wa pa WhatsApp umaposa pamenepo. Koma ma byte 512 amenewo ndiwo anali mlonda wa pageti, ndipo akamaliza ntchito yake ankadzibisa kuti wina aliyense asawawerenge.

Amene anawagwira anali Andrew Huang, wodziwika ndi dzina loti bunnie, yemwe panthawiyo ankachita PhD ku MIT. Iye anaganiza motere: chinsinsicho chili m'chip, inde, koma chiyenera kuyenda panjira kuti chikafike ku purosesa. Njira ina yomwe chimadutsa, yotchedwa HyperTransport, inali yothamanga kwambiri moti okonza makinawa ankaona ngati munthu wamba sangathe kuimvetsera. Huang anapanga kabolodi kakekake, n'kukalumikiza ku timizere ta pa motherboard, n'kujambula zonse zodutsa pomwe makina akuyaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2002 chinsinsi chija chinali m'manja mwake, ndipo analemba lipoti lofotokoza mmene anachitira.

Apa ndi pomwe lamulo linalowerera. Ku America kuli lamulo la 1998 lotchedwa DMCA, loletsa kulambalala maloko oteteza zinthu za copyright. Huang atalemba buku lake, Hacking the Xbox, kampani yomwe inkayenera kulisindikiza inabwerera m'mbuyo poopa lamuloli. Iye analisindikiza yekha mu 2003, kenako kampani ya No Starch Press inalitenga. Mu 2013 analipereka kwaulere pa intaneti pokumbukira Aaron Swartz. Microsoft inasintha loko pa makina otsatira, koma loko watsopanoyo sanachedwenso kuthyoledwa.

Nthawi yomweyo pamsika panafika ma modchip. Kameneka ndi kachipangizo komwe mumawotcherera pa motherboard kuti makina aziyamba ndi malangizo ena, osafunsa za siginecha. Tisanamizane, ambiri ogula ma modchip ankafuna kusewera magemu okopera. Koma panalinso gulu lina, la Xbox Linux, lomwe cholinga chake chinali kuyendetsa Linux pa bokosili. Mfundo yawo inali yosavuta: ndagula ndi ndalama zanga, ndi kompyuta, bwanji wina azindiuza pulogalamu yoti ndiziyendetsapo? Munthu wina wabizinesi, Michael Robertson, anaika mphoto ya madola 200,000. Theka linali la oyendetsa Linux pa Xbox yosinthidwa, theka linalo la amene angachite zimenezo osatsegula bokosi n'komwe.

Gawo lachiwirilo ndi lomwe linasintha zonse, ndipo njira yake inapezeka mu 2003 pamalo oseketsa: m'gemu ya James Bond, 007: Agent Under Fire. Ndifotokoze chonchi. Tayerekezani nyumba ya bwana yomwe mlonda wake amasecha aliyense pageti. Koma mwana wa bwana akamalowa ndi chikwama, mlonda amangoti lowani. Gemu ya Bond ija ndi mwana wa bwana, ili ndi siginecha. Chikwama chake ndi save file, ija imasunga pomwe munalekezera. Gemuyo inkawerenga zolembedwa mu save file osayeza kutalika kwake. Ndiye wina akalemba zambiri kuposa malo omwe anakonzedwa, zotsalazo zimasefukira pomwe pamakhala malangizo a makina, ndipo makinawo amayamba kumvera mlendo. Akatswiri amati buffer overflow. Vuto lomweli linapezekanso mu MechAssault ndi mu Splinter Cell yoyamba. Kenako pa 4 Julayi 2003 gulu lina lotchedwa Free-X linaulula bowo lina mu dashboard ya Xbox: mafayilo a zilembo zoonekera pa sikirini sankasechedwa. Mukaphatikiza ziwirizi, mumalowa kamodzi ndi gemu, n'kusiya chitseko chotsegula mpaka kalekale. Ndiyo softmod imeneyo. Palibe kuwotcherera, palibe kumasula chilichonse. Mumangofunika gemu yoyenera, memory card kapena flash, ndi ka waya kosinthira USB.

Mu Disembala 2005, pamsonkhano wa Chaos Communication Congress ku Berlin, Michael Steil wa gulu la Xbox Linux anakamba nkhani yomwe anawerengamo zolakwa 17 zomwe Microsoft inachita pachitetezo cha Xbox. Anzanga amene mukuphunzira za cybersecurity, ifunefuneni. Muphunziramo zambiri kuposa m'makalasi ena omwe ine ndinalipira.

Chitseko chitatseguka, ma emulator analowa mwaunyinji. Popeza mkatimo munali kompyuta wamba, kusamutsa mapulogalamu a pa PC kunali kosavuta. NES, Super Nintendo, Mega Drive, Game Boy, magemu a m'ma arcade, zonsezi Xbox inkazinyamula bwinobwino. Nintendo 64 ndiye inkaivuta, RAM ya 64 MB ija inkachepa, magemu ena ankayenda ena ayi. Anthu ankachotsa hard drive ya 8 GB n'kuikamo yaikulu. Koma panali kachinsinsi kochititsa manyazi: mapulogalamu ambiri amenewa ankamangidwa ndi zida za Microsoft zopangira magemu, zomwe zinatuluka mozemba. Ndiye olemba ake ankatha kugawa poyera malangizo a pulogalamu okha, koma pulogalamu yomangidwa kale anthu ankapatsirana kuseri, pa IRC ndi pa FTP.

Mwa mapulogalamu onsewa, imodzi inakula kuposa bokosi lomwe inabadwiramo. Inayamba mu 2002 ngati Xbox Media Player, yoonera mafilimu ndi kumvera nyimbo. Kenako inasanduka Xbox Media Center, mwachidule XBMC. Inasamukira ku Linux, Windows, Mac ndi Android, ndipo mu 2010 eni ake anasiya kuikonzera Xbox yoyamba. Mu 2014 anaisintha dzina. Kodi mukudziwa dzina lake latsopano? Ndalitchula kale: Kodi. Eya, Kodi yomweyi ili pa ka bokosi ka TV kwa azakhali anu. Nditamva dzinali koyamba ndinkadikira kuti munthuyo amalize funso. Ndipo nayi nkhani yokoma: mu Disembala 2017 Kodi inalowa mu sitolo ya Microsoft ya Xbox One, movomerezeka. Uja ankalowera pazenera anadzalowa pakhomo, atalandiridwa ndi mwini nyumba.

Makina enanso anagwa m'mbuna yomweyi. Mu 2008 Wii ya Nintendo inathyoledwa kudzera mu save file ya gemu ya Zelda, Twilight Princess, pongotalikitsa dzina la hatchi ya m'gemumo. PlayStation 2 inapeza Free McBoot, yomwe imakhala pa memory card. Makampani aakulu, ndalama zochuluka, koma chikwama cha mwana wa bwana osachisecha.

Tsopano funso lomwe ena mwa inu mwanditumizira kale: kodi zimenezi n'zololedwa? Ine si loya, koma mbiri yake ili motere. Emulator payokha inapambana m'khothi. Mu 2000 khothi la apilo ku America linagamula mokomera kampani ya Connectix, yomwe Sony inaisumira chifukwa chopanga emulator ya PlayStation. Kampani inanso, Bleem, inalimbana ndi Sony osagonja m'khothi, koma inatseka mu 2001 ndalama zitathera ku milandu. Za ma modchip zimatengera dziko lomwe muli. Kuno ku Britain khothi lalikulu linagamula mu 2004 kuti kugulitsa ma modchip a PlayStation 2 n'kuphwanya lamulo. Ku Australia mu 2005 khothi lalikulu linakomera wogulitsa. Pomwe palibe mkangano ndi pa ma ROM, kutanthauza mafayilo a magemu eniakewo. Gemu ya 1985 idakali ndi mwini wake. Mu 2018 eni ake a webusayiti ya LoveROMs anavomera chigamulo cholipira Nintendo madola oposa 12 miliyoni. Ndiye musanamizidwe kuti chakale chilibe mwini. Amene muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, musayambe bizinesi yogulitsa ma Xbox odzaza ndi magemu pa Facebook. Mapaundi 60 sangagule mtendere wanu.

Koma mbali inayo ndiyomwe yandichititsa kujambula gawo lino. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linatulutsa kafukufuku woonetsa kuti 87 pa 100 aliwonse a magemu omwe anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso paliponse. Ngakhale mutakhala ndi ndalama m'manja, palibe woti mumupatse. Kampani inatha, kapena ufulu wa gemuyo unagawanika, kapena eni ake alibe nayo chidwi. Malaibulale anapempha kuti aziloledwa kuonetsa magemu oterewa kwa ochita kafukufuku kudzera pa intaneti, koma mu Okutobala 2024 ofesi ya copyright ku America inakana. Ndiye funsani: magemu amenewa akusunga ndani? Ambiri akusungidwa ndi anthu omwe aja ankatchedwa akuba. Amene anakopera ma cartridge asanawole. Amene analemba ma emulator usiku ataweruka kuntchito, osalipidwa.

Xbox yomweyi ndi umboni. Pa 15 Epulo 2010 Microsoft inazimitsa Xbox Live ya makina oyambawa. Osewera ena a Halo 2 anakana kutuluka, anasiya makina awo oyaka kwa milungu ingapo, mpaka womaliza anadulidwa mu Meyi. Zinathera pomwepo kwa zaka 12. Mu 2022 anthu odzipereka anatsegula Insignia, ma seva awoawo omwe amalola Xbox yoyamba kuseweranso pa intaneti. Kampani inatseka, anthu wamba anatsegula. Muziganizira zimenezi mukamagula magemu a download okhaokha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Ndibwerere ku bokosi la patebulo langa, chifukwa nalonso silikhala mpaka muyaya. Xbox yoyamba ilibe batire losungira nthawi ngati la mu PC. M'malo mwake anaikamo capacitor, ndipo pa makina a mtundu wa 1.0 mpaka 1.5 capacitor imeneyi imachucha ikakalamba. Madzi ake amadya timizere ta motherboard pang'onopang'ono, ngakhale makinawo ali phee m'kabati. Tsiku lina mudzangoona ikudziyatsa yokha kapena ikukana kuzima. Mankhwala ake ndi kuichotsa n'kupukuta pamalopo, ndipo makinawo amayendabe popanda iyo, kungoti amaiwala nthawi mukawazula kumagetsi. Mtundu wa 1.6 ndi wosiyana, umafuna capacitor yake kuti uyake, ndiye yambani mwadziwa mtundu womwe muli nawo. Ma screw ndi 6, anayi pansi pa timiyendo ta labala, awiri pansi pa zomata. Zulani pulagi musanatsegule, ndipo musakhudze mbali ya magetsi, ili poyera ndipo imaluma.

Chachiwiri ndinachiphunzira ndi misozi. Hard drive ya Xbox iliyonse ndi yokhomedwa ndi kiyi wakewake, ndipo kiyiyo amachokera m'ka chip kotchedwa EEPROM. Xbox yanga yoyamba, zaka zingapo zapitazo, ndinaichita softmod bwinobwino, n'kunena kuti EEPROM ndidzakopera mawa. Mawa silinafike. Hard drive inafa. Ndinagula ina, ndinaiika, ndinayatsa, ndipo pa sikirini panangobwera nambala 05, kutanthauza kuti hard drive iyi si yokhomedwa, sindikuidziwa. Munthu amene ndimauza anthu kuntchito tsiku lililonse kuti azichita backup. Ndinachita kuyitanitsa modchip n'kuwotcherera kuti ndiitsitsimutse. Ndiye mukangomaliza softmod, chinthu choyamba koperani EEPROM, muisunge malo awiri.

Loweruka lapitali mwana wa achemwali anga anabwera kudzacheza. Ali ndi zaka 11, anabadwira konkuno, Chichewa amamva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Ndinamuyatsira Battle City, ija ya akasinja awiri oteteza chiwombankhanga. Anayang'ana zithunzi zake n'kundifunsa ngati TV yawonongeka. Patatha mphindi 10 anali ataimirira, akundikalipira kuti ndasiya mbali yanga yopanda mlonda. Duck Hunt sinatheke, chifukwa mfuti ya mtundu uja imadalira TV zakale za chimsana zija, pa TV zamakonozi siona kanthu. Koma lamulo la ku Chilobwe ndinamuphunzitsa. Titayamba Mario, ndinafa pa dzenje loyamba lenileni, ndipo iye anatambasula dzanja n'kunena m'Chichewa chomveka bwino: "Malume, mwafa, perekani."

Ngati kwanu kuli Xbox yakale m'kabati kapena m'galaja, musadikire Khirisimasi, itsegule sabata ino muone capacitor ija. Ndipo ngati munakulira pa TV game, kaya ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Mbare, titumizireni uthenga mutiuze gemu yomwe inkakukwapulitsani chifukwa chochedwa kukatunga madzi. Ena tidzawawerenga m'gawo likubwerali.